Amene Ankaitana pa Siteshoni ya Limbe

Amene munakwerako sitima pa Limbe zaka zija sitima zinkayenda zochuluka, mawu a mayi Muhiwa munawamva ndithu, ngakhale nkhope yawo simunaione. Ndi aja ankalengeza pa chimkuzamawu kuti, "Sitima yopita ku Balaka yaima pa njanji yoyamba, okwera konzekani, gwirani ana padzanja." Anali mawu okhazikika, osathamanga, oti ngakhale munthu wosokonezeka ndi katundu ankaima n'kutchera khutu. Nkhani yawo ndi iyi, ndipo amene anandiuza anaiona ndi maso, choncho khalani phee.

Masiku amenewo siteshoni ija inali ngati mng'oma wa njuchi. Kukangocha, apantchito ochokera ku Lunzu ndi ku Luchenza ankatsika ali chothamanga, kulowera kumafakitale ndi kumasitolo a amwenye. Amayi a madengu a tomato, a mitolo ya nzimbe zakuchigwa, a matemba a ku Chilwa, onse ankathithikana pa geti limodzi, amuna a mawilibala akukuwa kuti awapatse njira. Nyengo ya fodya, fungo lake linkatsika ndi mphepo n'kudzasakanikirana ndi la dizilo ndi la chimanga chootcha. Pamwamba pa zonsezi pankamveka mawu a mayi Muhiwa, ali m'kachipinda kawo kokwera ndi masitepe, kokhala ndi windo limodzi loyang'ana pulatifomu yonse.

Mnzawo wapantchito amene ankacheza naye kwambiri anali a Lasitoni Mukhito, wamagetsi, bambo wachikulire amene atate ake anagwirako ntchito yoyala njanji. A Lasitoni ankakonda kunena kuti siteshoniyo inameza anthu ambiri kuposa manda. Asilikali opita kunkhondo ya azungu anakwerera pamenepo. Opita ku Halale ndi ku Joni anakwerera pamenepo, ena n'kutchona osabwereranso, akazi awo n'kukalamba akubwerabe kudzasuzumira m'mawindo a mabogi.

"Malo amene anthu atsanzikanapo kwambiri sakhala okha, achemwali," ankatero a Lasitoni. "Pamakhala zotsalira."

Mayi Muhiwa ankangoseka. Anali munthu wopemphera, mtsogoleri wa amayi kumpingo kwawo ku Bangwe, ndipo zoterezi ankaziyesa nthabwala za madala.

Koma nawonso anali ndi wawo amene siteshoniyo inameza, ngakhale dzina lake silinkatchulidwa. Amuna awo atamwalira anawasiyira mwana mmodzi yekha, mtsikana, dzina lake Lozina. Anamulera movutikira, akuyembekeza kuti adzakhala namwino. Ali ndi zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi, Lozina anapezeka ndi pathupi, ndipo mwini pathupipo anali munthu wa ku Mozambiki, wothawa nkhondo, wosadziwika kwawo. Amayi akumpingo anayamba kunong'onezana. Manyazi anawaphika mayi Muhiwa mpaka mtima unauma gwa. Madzulo ena anamuponyera Lozina chikwama panja n'kunena kuti, "Kuyambira lero ine ndilibe mwana."

M'mawa mwake, iwo ali pawindo lawo lija, anamuona mwana wawoyo. Lozina anakhala pa benchi yakumapeto kwa pulatifomu, pansi pa mtengo wa bulugama, chikwama chili pamiyendo. Sankayang'ana kunjanji ngati anzake. Ankayang'ana kuwindo. Anakhala choncho maola awiri. Mayi Muhiwa anadziuza kuti akangodzuka n'kukwera masitepe, amukhululukira. Lozina naye mwina ankadikira kuti amayi ake atsike. Palibe anasuntha. Nthawi itakwana, mayi Muhiwa anakoka maikolofoni n'kulengeza sitima yopita ku Nayuchi, kumalire, mawu awo osanjenjemera ngakhale pang'ono. Patapita miyezi kunabwera kalata ya sitampa yachilendo. Anayatsira mbaula osaitsegula. Ina siinabwerenso.

Zinapita zaka khumi ndi zisanu ndi chimodzi.

Chaka chimenecho, mwezi wa Juni, kunagwa chiperoni choti akuluakulu ankati sanachionepo. Chinafika Lolemba m'mawa. Phiri la Mpingwe linasowa, la Soche linasowa, kenako ngakhale nyumba zakutsidya kwa njanji zinasowa. Kunkangogwa mvula yamawawa yosalekeza, yolowa mpaka m'mafupa. Sitima zinkalowa pasiteshoni nyali zili zoyaka dzuwa lili paliwombo, ndipo anthu otsika ankatulukira m'nkhungu ngati akuchokera m'madzi.

Choyamba chimene mayi Muhiwa anaona n'chakuti akhwangwala anachoka. Padenga la siteshoni sipankasowa akhwangwala olimbirana zisononkho ndi makoko a nthochi, koma Lolemba limenelo panalibe ndi mmodzi yemwe. Anangoti ndi kuzizira.

Chachiwiri chinachitika atalengeza sitima ya ku Luchenza. Anazimitsa maikolofoni monga mwa nthawi zonse, n'kutenga kapu yawo ya tiyi. Koma chimkuzamawu chapanja, chokhomedwa pansanamira pafupi ndi windo lawo, sichinatonthole. Munkamveka kaphokoso kapansipansi, kolowa ndi kutuluka, kolowa ndi kutuluka. Anaika kapu pansi n'kumvetsera. Kunali kupuma. Kupuma kwa munthu wotopa, amene wakwera chitunda atasenza katundu.

Anaitana a Lasitoni. Iwo anakwera makwerero, n'kutsegula chimkuzamawucho, n'kupukuta mawaya.

"Ndi chinyezi ichi, achemwali. Madzi alowa."

"Chinyezi chimapuma, a Mukhito?"

A Lasitoni anatsika, n'kupinda makwerero awo, koma asanachoke anacheuka kawiri kuyang'ana nsanamira ija.

Lachiwiri nkhungu inakula. Mayi Muhiwa atatsegula kachipinda kawo anamva fungo limene silinali la pamenepo, fungo la matope akudambo ndi utsi wowambira nsomba. Anafufuza paliponse, poganiza kuti wina waiwala phukusi la milamba, koma munalibe kanthu. Kenako anafuna shawelo yawo yaubweya imene inkakhala pamsomali kuseri kwa chitseko nyengo yonse yozizira. Msomali unali wokha. Kiyi wa chipindacho anali naye okha, womangirira pansonga ya chitenje.

Cha m'ma teni koloko kupuma kuja kunayambiranso, ndipo ulendo uno kunathera m'chifuwa. Chinali chifuwa chouma, chakuya, chong'amba nthiti, ndipo chinamveka m'zimkuzamawu zonse za pasiteshoni. Anthu anakweza maso. Mayi wina wogulitsa mandasi anakuwa ali pansi, "Pepanitu amayi, kuzizira kwakulowani! Mwerani tiyi wa mandimu!"

Mayi Muhiwa anagwira pakhosi pawo. Sanatsokomole iwo.

Masana nkhungu inang'ambika pang'ono, ndipo anaona chinthu chimene chinawaimitsa mtima. Pulatifomu inali yodzaza, anthu ataimirira mothithikana, ena atakhala pa katundu wawo, ena pansi penipeni ponyowa. Koma benchi ija yakumapeto, ya pansi pa bulugama, inali yopanda munthu. Pabenchipo panali patayalidwa shawelo yawo, m'litali mwake, bwinobwino, ngati mmene umafunditsira munthu wogona.

Anatsika masitepe. Pafupi ndi benchiyo panaima gogo wina wamwamuna atatsamira ndodo, akunjenjemera ndi kuzizira.

"Agogo, bwanji osakhala pansi? Malo si awa?"

"Iyayi mwanawe, ndimudzutse wodwala? Musiyeni agone, wachokera kutali ameneyu."

"Wodwala uti?"

Gogoyo analoza ndi ndodo. Anayang'ana benchiyo, n'kuyang'ana mayi Muhiwa, n'kuyang'ananso benchi. Kenako ananyamula kathumba kake mwakachetechete n'kulowa m'chigulu cha anthu osacheukanso.

Mayi Muhiwa anatola shawelo ija. Mvula inali ikuwaza paliponse, benchi inali yonyowa m'mbali, koma shaweloyo inali youma, ndiponso yofunda. Inali yotentha ngati yochoka pathupi la munthu wamalungo. Anaiponya pomwepo n'kubwerera kuchipinda kwawo, ndipo tsiku limenelo analakwitsa kulengeza kawiri, chinthu chimene sichinachitikepo.

Lachitatu nkhani inali itafala. Ogulitsa malonda anasamuka kumapeto kuja n'kudzaunjikana pafupi ndi geti. Agalu apasiteshoni, amene ankagona pansi pa mabenchi, ankafika pafupi ndi bulugama uja n'kubwerera michira ili pakati pa miyendo. Bwana wa siteshoni, munthu wosafuna zamanong'onong'o, analamula kuti zimkuzamawu zonse zichotsedwe pamagetsi mpaka nyengo itasintha, ndipo mayi Muhiwa azilengeza ndi pakamwa ataima pamasitepe. A Lasitoni anadula waya wamkulu iwo akuona, n'kukulunga nsonga zake ndi tepi.

"Tsopano chatha," anatero. "Chopanda magetsi sichilankhula."

Sipanapite ola limodzi. Sitima ya ku Balaka inali itangonyamuka, phokoso lake likuzilala m'nkhungu, ndipo pasiteshoni panagwa bata lija limagwa sitima ikachoka. M'batamo chimkuzamawu cha pansanamira chinatsokomola. Kenako chinalankhula, motsitsa, mwaulesi, ngati munthu wolankhula ali m'tulo.

"Amayi."

A Lasitoni anagwetsa pulayala.

"Amayi, ndili panjira."

Mayi Muhiwa anakhala pansi pamasitepe pomwepo. Mawuwo anali okalamba, osasa, koma kakokedwe kake ka "amayi" kanali komwe kaja ka mwana amene ankawaitana ali kubafa kuti amubweretsere sopo. Mayi saiwala zoterozo.

A Lasitoni anawagwira padzanja n'kuwalowetsa m'chipinda, n'kutseka chitseko. 

"Mwawadziwa mawuwo?"

"Ndawadziwa."

"Ndi a mtsikana uja?"

Mayi Muhiwa anangogwedeza mutu.

"Mverani kuno, achemwali. Ine sindidziwa ngati mwana wanu ali moyo kapena ayi. Koma kwathu amati chinthu chikakuitana osachiona, usavomere. Zilipo zina zimabwereka mawu a munthu amene umamukonda kuti zikutenge. Mukangoti 'wawa', basi mwapita. Musayankhe. Chikakakamira, muchikane. Muchiuze kuti simukuchidziwa, chidzachoka."

Ankanena ndi mtima wabwino bambo aja. Ankaopa kutaya mnzawo.

Kunyumba mayi Muhiwa sanadye. Anatsegula Baibulo koma zilembo zinkangoyandama. Anaganiza za adani, amene mwina apita kwa sing'anga kuti awachititse manyazi pagulu ndi nkhani imene anaikwirira kalekale. Anaganiza za ziwanda. Koma pansi pa maganizo onsewo panali kena kamene kankangobwerera: akuti ali panjira. Anapezeka atatulutsa bulangete latsopano m'sutukesi n'kuliyala pabedi la m'chipinda chimene chinakhala chotseka zaka zonsezo. Atazindikira chimene akuchita anadzikalipira, koma bulangetelo sanalichotse.

Lachinayi kunacha kwakuda ngati madzulo. Anthu anali ochuluka kuposa masiku onse, ena osakwera sitima n'komwe, ongobwera kudzamva chodabwitsa cha pa Limbe. Pakati pawo mayi Muhiwa anaonapo amayi anayi akumpingo kwawo, ataima pamodzi pansi pa ambulera, maso ali kuwindo.

Mawu aja anayamba m'mawa, ndipo sanalekeze. Ankabwera, n'kutha, n'kubweranso, ofooka kuposa dzulo lake.

"Amayi, ndili panjira."

Kenako chifuwa. Kenako kupuma.

"Amayi, mukundimva?"

Mayi Muhiwa anadzitsekera m'kachipinda, zala zili m'makutu. Pansi anthu ankafunsana kuti mayi wake ndi ndani, ndipo amene ankadziwa anayamba kuuza amene sankadziwa. Pawindo mayi Muhiwa ankaona mitu ikutembenuka, zala zikuloza, mmodzi wa amayi akumpingo aja atagwira pakamwa. Manyazi aja a zaka khumi ndi zisanu ndi chimodzi anadzuka onse ngati sanagonepo. Mantha nawo anali pomwepo, ndi malangizo a a Lasitoni.

Itatsala pang'ono kukwana thwelofu koloko, mawuwo anafunsa chinthu china.

"Amayi, ndibwere?"

Siteshoni yonse inati zii. Ngakhale makanda analeka kulira.

Mayi Muhiwa anakoka maikolofoni yakufa ija, ya waya wodula. Iwo eni ankanena pambuyo pake kuti pamene ankatsegula pakamwa, mawu amene anali pamtima pawo anali akuti "bwera". Anali atafika kale palilime. Koma lilime lili ndi njira zake zimene linazolowera, ndipo chimene chinatuluka, n'kumveka m'zimkuzamawu zonse zopanda magetsi, kuyambira kugeti mpaka ku bulugama, ndi mawu awo okhazikika aja, chinali ichi:

"Ine ndilibe mwana."

Kupuma kuja kunamveka kamodzi, kotalika. Sikunamvekenso.

Pofika masana mphepo inatembenuka, nkhungu inayamba kunyamuka, phiri la Mpingwe linaonekera. Khwangwala mmodzi anatera padenga, kenako wina. Galu anapita kukadzipinda pansi pa benchi ija. A Lasitoni anakwera masitepe akumwetulira.

"Mwaonatu, achemwali? Chapita. Mwalimba mtima."

Mayi Muhiwa sanawayang'ane. Anali atagwirabe maikolofoni ndi manja awiri.

Loweruka m'mawa kunafika sitima yochokera ku Nayuchi. Mawaya anali atalumikizidwanso, ndipo mayi Muhiwa anailengeza monga mwa ntchito yawo. Patapita kanthawi anamva kugogoda. Pakhomo panaima mayi wonenepa, wovala mpango wakuda, akununkha utsi wa nsomba, m'manja muli kachikwama kachikale kong'ambika zipi.

"Odi. Ine ndine Abiti Sumani, ndimagula nsomba kumalire n'kudzagulitsa kuno. Ndamva mawu anu ndili m'bogi, ndiye ndati ndi amenewa. Ndinu amake Lozina?"

Palibe anali atawatchulapo choncho kwa zaka zambiri. Anamupatsa mlendoyo mpando, iwo n'kutsamira khoma.

Abiti Sumani anafotokoza mosathamanga, maso ali pansi. Anati Lamulungu madzulo, iye ali pa Nayuchi kudikira sitima, kunatulukira mayi wina kuchokera kutsidya kwa malire, woonda ngati bango, akutsokomola. Sitima anali ataiphonya, ndipo ina inali ya Lachisanu. Analibe wachibale kumeneko. Amayi ansomba anamutenga n'kumugoneka pakhonde la sitolo pamene iwo ankagona, pafupi ndi pamene ankawambira milamba. Anawauza kuti mwana amene anachoka naye m'mimba anamwalira asanathe mwezi, mwamuna naye anamwalira kalekale, ndipo iye wakhala akugulitsa makala ku Kuwamba, ku Mozambiki, mpaka chifuwa chinamugwetsa. Anati akupita kwawo.

"Ankakunyadirani, amayi. Aliyense wobwera kudzamuona ankamuuza kuti, 'Mukafika pa Limbe mukamva mawu pa chimkuzamawu, amenewo ndi amayi anga.' Tinkamuseka kuti watiuza kale. Kuyambira Lolemba sanadzukenso. Ankangogona n'kumalankhula nanu ngati muli pomwepo. Ife tinkati ndi kutentha kwa thupi. Lachiwiri anatiuza kuti wafunda, pamene tonsefe mano ankagundana."

"Ali kuti?" anafunsa mayi Muhiwa, ngakhale kachikwama kaja kanali katayankha kale.

"Anatisiya Lachinayi, dzuwa lili pamutu. Anthu a m'mudzi wa pafupi anatichitira chifundo, anamuika dzulo m'mawa."

A Lasitoni anali ataima pakhomo, atabwera kudzayesa mawaya. Anamva zonse. Anavula chipewa, n'kutsika masitepe chobwerera m'mbuyo, ndipo amene anawaona akuti anakakhala kuseri kwa shedi ya katundu n'kulira ngati mwana.

Mayi Muhiwa sanalire. Anatsegula kachikwama. Munali zitenje ziwiri, chipeso, ndi paketi ya shuga yosatsegula, yokulungidwa bwino m'pepala. Mwana sapita kwa amake chimanjamanja.

Pa zaka zonse zimene analengeza sitima, mayi Muhiwa anali asanakwereko yopita kumalire. Anakwera yotsatira, Abiti Sumani akuwaperekeza. Anadutsa Lirangwe, anakhota pa Nkaya, anaoloka Shire pa Liwonde, mapiri n'kutha, dziko n'kukhala lathyathyathya, la madambo ndi migwalangwa. Njira yonse mayi Muhiwa ankangowerenga mumtima masiteshoni amene mayina ake anawatchula kambirimbiri osawaona, n'kumaganiza kuti mwana wawo anadutsa momwemu ali yekha, ali ndi pathupi, akuyang'ana pawindo ngati ili.

Pa Nayuchi anawaonetsa khonde lija. Linali laling'ono, la dothi, khoma lake lakuda ndi utsi. Kenako mkulu wina wa m'mudzimo anawatsogolera kumanda, kumbali kumene amaika alendo. Kumeneko anapeza mitumbira itatu yatsopano, yoyandikana, dothi lake lofanana, yopanda mtanda kapena chizindikiro.

"Ndi uti?" anafunsa mayi Muhiwa.

Mkuluyo anakanda m'mutu. Anati sabata imeneyo kuzizira kunatenga alendo atatu, msodzi wina wosadziwika kwawo, mayi wina wokalamba wa kutsidya, ndi mwana wawoyo. Iye ankaganiza kuti ndi wapakati. Anaitana mmodzi wa adzukulu amene anakumba, ndipo iyeyo anati ayi, ndi wakumapeto. Wina anati wakumapeto ndi wa msodzi. Anayamba kutsutsana chapansipansi mpaka anachita manyazi n'kuleka. Abiti Sumani anapepesa, anati sitima inaliza hutala mwambo usanathe, ndipo iye anathamanga osaona dzenje limene anamutsitsiramo.

Anthu aja anasuntha n'kukaima patali, kuwasiya awiriwo. Mphepo inkawomba m'mabango. Apa m'pamene mayi Muhiwa anafunsa funso limene analisenza kuchokera ku Limbe.

"Abiti, musandibisire. Pomaliza penipeni, ananena kanthu?"

"Ananena."

"Anati chiyani?"

"Anali atafunsa kuti, 'Amayi, ndibwere?' Kenako anadzutsa mutu pang'ono ngati akumvetsera zakutali. Ndiye anati, 'Ayankha.' Basi. Anagonekanso mutu, osadzukanso."

Mayi Muhiwa anagwira mkono wa Abiti Sumani mwamphamvu.

"Anamva chiyani? Ananena chimene ndinayankha?"

"Sananene."

"Nanga nkhope yake? Inali yotani? Anamwetulira? Analira?"

Abiti Sumani anali mayi woona mtima, ndipo ngakhale anaona chimene mnzakeyo ankafuna kumva, sanathe kunama pamanda.

"Sindinaione, amayi. Anali atatembenukira kukhoma."

"Mawu ake nanga? Anamveka okondwa?"

"Anali ofooka kwambiri. Sindikanatha kusiyanitsa."

Mayi Muhiwa anamusiya mkono. Anavula nsapato. Anapita pamtumbira woyamba n'kugwada, n'kuika manja onse awiri padothi, n'kuweramitsa nkhope mpaka milomo inatsala pang'ono kukhudza pansi. Mawu aja amene ankadzaza siteshoni yonse anatuluka aang'ono, osweka, oti Abiti Sumani yekha ndi amene anawamva.

"Lozina, ndinanama. Mwana ndili naye. Bwera."

Anadikira. Kunalibe kupuma, kunalibe chifuwa, kunalibe kanthu. Mabango okha.

Anakwawa ndi maondo kupita pamtumbira wachiwiri, n'kunena mawu omwewo. Anadikiranso. Kenako anapita pa wachitatu.

Atamaliza anabwerera pa woyamba n'kuyambiranso. Adzukulu aja anaweramitsa mitu, mmodzimmodzi n'kumachoka. Dzuwa linapendeka iwo akuzungulirabe mitumbira itatu ija ndi maondo, chitenje chitafiira ndi dothi, mpaka mawu anawathera n'kutsala milomo yokha ikugwedezeka. Abiti Sumani sanawaletse. Anangokhala pansi pambali, n'kudzifunditsa mpango, n'kuwadikira.